Khutu la Dafuleni ndi Paipi ya Petulo

Kumapiri a ku Ntchisi kuli mudzi wa Msekeni, ndipo anthu a kumeneko salola kutsutsidwa pa nkhani imodzi. Amati mwambi wina umene tonsefe timaunena udabadwira kwawo, m'mbali mwa msewu, pansi pa pikapu. Ophunzira amapukusa mitu, amati mwambiwo ndi wamakedzana, galimoto zisanabwere. Ife tisalowerere mkangano wa eni. Imvani kaye nkhani yake, ana inu, mwambiwo muupeza kutsogoloku.

M'mudzimo mudali mkamwini wina dzina lake Dafuleni, wochokera cha ku Kasungu, amene adakwatira Edesi. Kulima ankalima bwino, mowa sankapyola nawo muyeso, koma chimene adatchuka nacho ndi khutu. Munthuyu sankadutsa chinthu osachigogoda. Dzungu m'munda, go go, n'kutchera khutu. Vwende, mtsuko, chitseko chatsopano, tayala la ngolo, zonse ankazifunsa ndi mfundo ya chala. Amayi akamapita kukagula mitsuko kumsika ankamutenga, chifukwa iye ankaumva mng'alu umene maso sadauone. Mlamu wake Nachisale, mkulu wake wa Edesi, ankakonda kumuputa.

"Alamu, ndimamva kuti musanafunsire mbeta mudayamba mwamugogoda m'mutu mng'ono wangayu."

"Ndidayamba ndagogoda inu, alamu," ankatero Dafuleni. "Mudalira ngati chigubu chopanda madzi, ndiye ndidapitirira."

Mfundo yake idali imodzi, yoti chinthu chilichonse chokungika chimayankha. Chikopa chokungika chimalira, chingwe chokungika chimalira, ngakhale mimba yokhuta imalira. Chimene chili chete ndiye kuti n'chokhwefuka, mulibe mphamvu. Ndipo kunena zoona, mfundo imeneyi idali isanamunamizepo. Pamwamba pa khutu adalinso ndi mafunso. Akaima pachigayo, mwini chigayo ankayamba kuyang'ana kumbali, podziwa kuti afunsidwa chifukwa chake lamba amayenda chonchi osati chonchi.

Tsono m'banja la Edesi mudali ng'oma yaikulu yotchedwa Mdzutsa. Mwini wake adali a Chimbalanga, malume ake a Edesi, amene adaisema okha ali mnyamata kuchokera ku mtengo wa mlombwa. Mdzutsa ikalira, midzi ya kuseri kwa phiri inkadziwa chimene chachitika ku Msekeni. Maliro adali ndi kaimbidwe kake, ukwati kake, akuba ng'ombe kake. A Chimbalanga ankaidzoza mafuta a nsatsi chaka ndi chaka mpaka thupi lake lidada n'kumawala. Palibe wina adaiimbapo. Dafuleni ankaimba ng'oma zing'onozing'ono pambali pawo, maso ali pa Mdzutsa ngati galu woyang'ana nyama ili pathandala.

Koma ukalamba sunyengerera. Nyamakazi idalowa m'manja mwa a Chimbalanga, zala zidapindika, moti ngakhale kumanga fodya wawo ankachita kupempha. Ndiye kudabwera uthenga wochokera kwa Tsekwe, mudzi wa kuseri kwa chitunda cha Kanjiwa, woitana amayi a ku Msekeni kukavina chimtali paukwati. Kudamvekanso kuti amayi a ku Mphanda adzakhalako, ndipo magulu awiriwa sankafuna kugonjerana pabwalo.

Madzulo a tsiku loti mawa ulendo, a Chimbalanga adaitanitsa Dafuleni. Iye adabwera n'kunjuta chapatali, monga achitira mkamwini.

"Apongozi," adatero mkuluyo, "mawa mutenge Mdzutsa."

"Ine, bambo?"

"Pali wina pano? Mutenge. Musaiike pansi ponyowa. Woledzera asaikhudze. Poiwamba, moto wake ukhale wa udzu, osati wa nkhuni, ndipo muziitembenuza. Mudzandibwezere monga yachokera. Ina sindingasemenso, manja awa mukuwaona."

Dafuleni adaomba m'manja mwaulemu n'kunyamula ng'omayo ngati khanda. Adaikulunga m'bulangeti lake labwino, iye n'kudzafunda chitenje cha mkazi wake.

Galimoto yowanyamula idali pikapu ya Sandalamu. Pogula idali yoyera, koma pa nthawi imeneyi idali itatenga mtundu wa msewu. Inkanyamula chilichonse: mabelo a fodya, mbuzi, odwala, akwati. Masiku amenewo idali itayamba kutsokomola ikafika pokwera. Sandalamu ankadziwa vuto lake. Fyuluta yatsopano adali ataigula kale kuboma, ili m'kabokosi kake kuseri kwa mpando, ndipo tsiku lililonse ankati aiika mawa.

Adanyamuka m'mawa, nyengo yachisanu, mphepo ya mwera ikuluma makutu. Amayi kumbuyo ankaimba kuti atenthedwe. Dafuleni adakhala pakona, Mdzutsa ili pakati pa miyendo. Atafika pa chitunda cha Kanjiwa, pikapu idayamba kugwedeza mutu ngati ng'ombe yokana goli. Idatsokomola, idakoka pang'ono, idatsokomolanso. Sandalamu adaikhotetsera m'mbali mwa msewu n'kuizimitsa, anthu n'kutsika kukaika miyala kumatayala.

"Petulo watha?" adafunsa Nachisale.

"Petulo alimo, mayi. Fyuluta yatsekeka."

Dafuleni adali atafika kale pambali pake. "Fyuluta n'chiyani, achimwene?"

"Ndi sefa. Monga amayi asefera ufa, nayonso imasefa petulo. Petulo wa m'zigubu amabwera ndi zinyalala, thanki nayo ili ndi dzimbiri lake. Zonsezo zimatsalira m'sefamo. Ikadzaza, injini imamwa modontheza, ndiye pokwera imafooka."

Adalowa pansi pa galimoto, Dafuleni n'kumulondola osaitanidwa. Cha pakati, mbali ya kumanzere, padali kachitini kakang'ono ngati ka mkaka, paipi ina ikulowa uku, ina ikutuluka uko. Polumikizira pake padali timano tapulasitiki.

"Ndiye mumangotsina apa n'kukoka?" adafunsa Dafuleni.

"Eya. Koma osati tsopano. Pali zoyamba kuchita. Injini iyambe yazizira, ndiponso ndikufuna sipanala yaing'ono yomasulira batire. Yanga adabwereka anthu, sidabwerere. Ndikapemphe kwa wokonza njinga pamagolosale paseripa. Musakhudze kanthu."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndidzakuuzani pobwera. Mafunso anu amafuna munthu atadya."

Adaika kiyi m'thumba n'kuyamba kukwera chitunda wapansi.

Anthu adakhala pansi kudikira. Mphepo inkaomba osaleka. Mtsikana wina woyamwitsa, Felesiya, adalowa kutsogolo kwa galimoto ndi khanda lake n'kutseka chitseko kuti mwana asazizidwe. Patapita nthawi, mphepo ija idabweretsa mawu ochokera kuseri kwa chitunda. Zidali ng'oma. Amayi a ku Mphanda adali atafika kale kwa Tsekwe ndipo adali atalowa m'bwalo.

Nachisale adadzuka n'kumanga chitenje mwamphamvu. "Mukumva? Anzathu ayamba kudya ulemu wathu. Alamu, wambani ng'omazo pompano. Galimoto ikadzuka tikalowe m'mudzi tikuimba, asatione ngati obwera kumaliro."

Adanena zoona, chifukwa chisanu chimakhwefula chikopa, ndipo ng'oma yozizira imalira ngati munthu wachimfine. Adazula udzu wouma. Koma paliponse pamene ankayesa kuyatsa, mphepo inkamwaza moto. Malo okhawo obisika adali kuseri kwa pikapu, mbali ya kumanzere. Adasonkha pamenepo, mapazi owerengeka kuchokera pagalimoto. Palibe adaganizapo kanthu. Moto wa udzu ndi moto wanji, ndipo galimoto idali yozima.

Dafuleni adayala bulangeti, adagoneka Mdzutsa chikopa chitaloza kumoto, ng'oma zing'onozing'ono kumbuyo kwake. Ankatembenuza, n'kugogoda, n'kutembenuzanso. Mawu a Mdzutsa adayamba kukwera pang'onopang'ono, kuchoka pansi pa mimba kubwera pachifuwa. Koma mtima wake sudali pang'oma pokha. Maso ankangobwerera pansi pa galimoto, pamene kachitini kaja kankaonekera. Kodi Sandalamu akuopa chiyani? Chinthu chongotsina n'kukoka chifuniranji sipanala ya batire? Batire ili kutsogolo, sefa ili pakati, zikukhudzana bwanji? Funsolo linkamuyabwa ngati chitedze.

"Mayi a Sinoya," adaitana mkazi wake, "tandigwirirani ng'omayi. Muzitembenuza."

"Mukupita kuti, bambo a Sinoya? Paja adati musakhudze."

"Sindikhudza. Ndingomvera."

Adakwawira pansi paja chagada. Adagwira paipi, idali yozizira. Adaikapo khutu n'kutseka maso. Mudali zii. Adaigogoda ndi chikhadabo, idangoti ti ti, mawu akufa, opanda moyo m'kati. Adagogoda kachitini, chimodzimodzi. Adakumbukira kuti kuchigayo adaonapo akusintha sefa ya injini, ndipo kumeneko ankayamba atseka kampopi. Adafufuza kampopi uku ndi uku, sadakapeze. Ndiye adaganiza kuti pagalimoto kampopi kake ndi kiyi. Kiyi ili m'thumba mwa Sandalamu, injini yagona, paipi ili chete. Chokungika chimayankha, ichi sichikuyankha.

Kunja Nachisale adawerama n'kusuzumira. "Alamu, mwagona? Khutu lija latha ntchito? Dzungu mumalidziwa, kachitini kokha kakukukanikani?"

"Mulibe kanthu umu," adatero Dafuleni. "Ndingomuchotseratu chakalechi, pobwera angoika chatsopano."

Edesi adali atadzuka kukazula udzu wina, chifukwa moto unkatha. Mwayi wake udali umenewo.

Dafuleni adatsina timano tija n'kukoka paipi.

Petulo adatuluka ndi mkokomo wa mphiri yopondedwa, tsiii, wosalala ngati nkhungu koma wamphamvu ngati wochita kuponyedwa. Petulo wina adamumenya patsaya ndi paphewa, iye n'kutembenuza nkhope maso ali otseka. Wotsalayo adadutsa pansi pa galimoto kulunjika kumene kunali moto. Moto wa udzu uja, umene udali utangotsala pang'ono kuzima, udadzuka kamodzi n'kamodzi kutalika ngati munthu. Bulangeti lidagwira. Phula la pakati pa chikopa cha Mdzutsa lidagwira. Ndipo lilime lina la moto lidayamba kubwerera pa udzu wonyowa ndi petulo, kulondola njira imene petuloyo adadzera, kupita pansi pa galimoto pamene paipi idali kudonthabe.

Dafuleni adagubuduka n'kutuluka. Adavula jekete yonyowa ija n'kuiponya kutali. Ataimirira adapezeka ali pakati. Kudzanja lamanja Mdzutsa inkayaka, ndipo akadathamanga pomwepo akadaikoka n'kuigubuduza m'fumbi. Kudzanja lamanzere moto unkakwawira kugalimoto.

"Ng'oma ya amalume!" adakuwa Edesi, udzu uli m'manja.

Nthawi yomweyo khanda la Felesiya lidalira m'galimoto muja.

Dafuleni adafulatira ng'oma. Adagwada m'ngalande ya m'mbali mwa msewu n'kuyamba kutapa mchenga ndi manja awiri, kuponya patsogolo pa lilime la moto lija. Adatapa, adaponya, adatapanso, zikhadabo zikuthyoka. Nachisale adatsegula chitseko n'kukoka Felesiya ndi mwana kuthawa nawo kumtunda. Amayi ena adatapa mchenga ndi mabeseni, ena ndi zitenje. Moto udafika pafupi ndi tayala, udanyambita pang'ono, kenaka udatsamwa ndi mchenga n'kufa.

Akutembenuka, chikopa cha Mdzutsa chidaphulika. Lidali liwu limodzi lokha, lalikulu, moti mbalame zidauluka m'mitengo. Kenaka moto udalowa m'mimba mwa ng'oma, ndipo mtengo wouma umene udamwa mafuta a nsatsi zaka zonse zija udayaka ngati muuni. Adauthira mchenga, koma chimene adatulutsa chidali chigoba chakuda, chong'ambika kuchokera kukamwa mpaka kumiyendo. Ng'oma zing'onozing'ono zidapulumuka, zidangowauka m'mbali.

Sandalamu adaona utsi ali pamwamba pa chitunda ndipo adatsika chothamanga, sipanala ili m'manja. Adayang'ana galimoto yake, adayang'ana khanda, adayang'ana chigoba chija. Sadakalipe. Adangokhala pamwala n'kupuma.

"Ndidati chiyani, achimwene?"

"Mudati ndisakhudze."

"Nanga moto uwu adayatsa ndani pambali pa galimoto?"

"Tonse," adayankha Nachisale, mawu ali pansi. "Ndidawauza ndine."

Dafuleni ankatsuka tsaya ndi madzi a m'chigubu. Koma ngakhale pamenepo, chimene chinkamuyabwa chija sichidamusiye.

"Achimwene, kiyi idali kwa inu. Injini idali yozima. Paipi idali chete, ndidaimvera ndekha. Mphamvu ija idachokera kuti?"

"Mukufunsabe?" adatero Edesi, misozi ili m'masaya.

"Musiyeni afunse, mayi," adatero Sandalamu. "Ndikadamuyankha poyamba paja bwenzi tili kwa Tsekwe. M'thanki muli pampu, achimwene. Ndiyo imakankha petulo kupita ku injini, ndipo imakankha molimba. Mukazimitsa galimoto pampu imaima, koma petulo amene ali m'paipi sabwerera. Muli kotsekera kamene kamamugwira momwemo ali wopanikizika, kuti podzaliza galimoto isavute. Zili ngati mwana amene wadzaza madzi m'kamwa n'kutseka milomo. Ali chete, koma mutsineni masaya muone."

Adatulutsa fyuluta yatsopano. Asanalowe pansi adayendera pamene padali moto, kupondaponda ndi kuthirapo mchenga wina mpaka padalibe kautsi. Adauza anthu onse kuti akhale patali, Dafuleni yekha n'kumukodola. Adamuonetsa kamuvi kojambulidwa pachitinipo, kamene kayenera kuloza ku injini. Adalumikiza mapaipi, adakatembenuza kiyi pang'ono osaliza injini. Kuthanki kudamveka kulira kwapansipansi ngati njuchi, n'kuleka.

"Ndiyo pampu imeneyo," adatero Sandalamu. Adasuzumira pansi n'kupukusa mutu. "Pakudontha. Kamphira kotsekera polumikizirapa kadauluka muja mudakoka. M'kabokosi muli katsopano. Timasulenso."

Dafuleni adabwerera m'mbuyo.

"Ayi, bwerani. Paipi yadzazanso tsopano monga idalili. Gogodani."

Dafuleni adagogoda. Ti ti.

"Mwamva? Tsono penyani."

Sandalamu adatsegula boneti, adavundukula kabokosi ka mafyuzi, adayang'ana chithunzi cha pachivundikiro n'kuzula fyuzi imodzi. "Iyi ndi ya pampu. Ndaichotsa, pampu singakankhenso." Adaliza injini. Idalira bwinobwino kanthawi, kenaka idayamba kudzandira, idatsokomola, n'kuzima yokha. "Yamwa petulo amene adali m'paipi. Yadzimalizira yokha mphamvu ija." Adapukusanso kiyi kamodzi kuti atsimikize, injini sidadzuke. Adachotsa kiyi, adamasula waya wakuda wa batire ndi sipanala ija kuti pasathetheke kanthu, adatsegula chitsekero cha thanki, mpweya n'kutuluka pang'ono. Kenaka adalowa pansi ndi chisanza.

"Gogodaninso."

Dafuleni adagogoda. Ti ti. Adagogoda kachiwiri, khutu atalikanikiza pachitsulo.

"Ikulira chimodzimodzi," adatero. "Yodzaza ndi yopanda mphamvu, mawu ake ndi amodzi."

"Ndiye chifukwa chake sitifunsa khutu. Timangoyesa kuti mphamvu ilimo, n'kuyamba taichotsa."

Adakulunga chisanza polumikizira, adapatutsa nkhope, adatsina n'kukoka pang'onopang'ono. Mudatuluka timadontho tochepa tokha, chisanza n'kumwa. Adaika kamphira, adalumikiza, adabwezera fyuzi ndi waya wa batire, adatembenuza kiyi kangapo kuti pampu idzaze paipi, adasuzumira. Padali pouma. Pikapu idakwera Kanjiwa ngati yatsopano.

Kwa Tsekwe adafika dzuwa litapendeka. Adavina ndi ng'oma zing'onozing'ono, ndipo amayi a ku Mphanda adatenga bwalo lonse. Aliyense ankafunsa kuti Mdzutsa ili kuti. Dafuleni ankangoimba, maso ali pansi.

M'mawa mwake adanyamula chigoba chija n'kupita nacho kwa a Chimbalanga. Edesi adamuperekeza, nayenso Nachisale adabwera osaitanidwa. Mkuluyo adali pakhonde akuothera dzuwa. Mbiri idali itamufika kale, paja m'mudzi nkhani siigona panjira. Dafuleni adaika chigoba patsogolo pake n'kukanjuta kutali kuposa masiku onse. Ankadziwa kuti mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo wotentha chuma cha eni mudzi amauzidwa kuti akaone kwawo.

A Chimbalanga adasisita chigobacho ndi zala zawo zopindika. Manja adada ndi makala. Adalondola mng'alu uja kuchokera kumwamba mpaka pansi.

"Mwana wa Felesiya ali bwanji?"

"Ali bwino, bambo."

"Fotokozani."

Dafuleni adafotokoza zonse, osabisa kuti adauzidwa kuti asakhudze. Nachisale adafuna kulowererapo kuti moto adalamula ndiye, koma mkuluyo adakweza dzanja. Chimene chidawadabwitsa onse n'chakuti a Chimbalanga adayamba kufunsa mafunso, ngati kuti nthenda ya mkamwini wawo yawapatsira.

"Mukuti chinthucho chidali chete?"

"Chete, bambo."

"Osatentha, osanjenjemera?"

"Chozizira ngati mwala wa kumtsinje."

"Ndipo mphamvu ili m'kati."

"Ili m'kati."

"Nanga Mdzutsa idalira?"

"Idalira kamodzi, bambo, pamene chikopa chinkaphulika. Koma n'kuti moto utafika kale."

Mkuluyo adagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wapeza chinthu chimene adachitaya kalekale.

"Moto utafika kale," adabwereza. "Apongozi, ine ndakalamba ndi ng'oma iyi, ndipo ndinkadzitama kuti ndimachenjeza anthu. Koma taganizani. Maliro ndinkaimba munthu atatsirizika kale. Akuba ndinkaimba khola lili kale pululu. Ngakhale ukwati ndinkaimba ankhoswe atamaliza kale zonse. Nyamakazi iyi pobwera m'manja mwanga, ndani adaiimbira? Ng'oma imanena zimene zafika. Chakudza sichiimba ng'oma."

Adapukuta manja pa malaya. Edesi adafunsa ndi mawu aang'ono ngati bambo a Sinoya ayenera kumanga katundu.

"Amange katundu apite kuti? Akapita, ina asema ndani? Iwe?" Adatembenukira kwa Dafuleni. "Mudasiya ng'oma yanga ikupsa n'kuthamangira mwana wa eni. Mukadachita zinazo, bwenzi pano ndikukuuzani njira ya ku Kasungu. Koma mlandu ulipobe. M'nyumbamu muli nsompho ndi tchizulo. Manja ndi anu, pakamwa ndi panga. Mudzatopa nane."

Ndipo adatopa nawodi. Dafuleni adasema ng'oma ija chilimwe chonse, mkuluyo atakhala pambali, akutsutsa chilichonse. Itatha, anthu adaiyamikira, koma a Chimbalanga atamva kulira kwake adati ikumveka ngati beseni la kubafa. Mwina adanena mwankhanza pang'ono, koma onse amene adaimvapo Mdzutsa ankavomereza chamumtima kuti mawu aja sadabwererenso ku Msekeni.

Mawu a mkulu uja ndiwo adayenda. Nachisale adawanena kuchitsime, a kuchitsime adapita nawo kumsika, ndipo lero aliyense amati chakudza sichiimba ng'oma.

Tanthauzo lake, ana inu, ndi ili. Vuto likamabwera silituma mthenga. Matenda, ngozi, njala, moto, sizidikira kuti mukonzeke, ndipo nthawi zambiri zimabisala m'chinthu chimene chikuoneka chogona. Choncho munthu wanzeru sadikira chizindikiro. Amakonzekeratu zinthu zikadali bwino, amafolera nyumba mvula isanagwe, amazimitsa moto asanatsegule petulo, amayamba wachotsa mphamvu m'paipi ngakhale paipiyo ili zii. Luso limene muli nalo, kaya ndi khutu, kaya ndi diso, lili ndi malire ake, ndipo tsiku limene lidzakunamizeni silidzakuuzani kuti ndi lero. Inunso amene mukudziwa chinthu, musamangoti "usakhudze" n'kuchokapo. Nenani chifukwa chake, pakuti munthu wosauzidwa chifukwa amakachifufuza ndi zala.

Mukadzaona chinthu chili phee, musafulumire kunena kuti mulibe kanthu. Mwina changotseka pakamwa.